Mafunso ndi Mayankho pa Zogawana Nyimbo, Mafilimu ndi Mabuku pa Foni ndi pa Intaneti

Tsiku la msika pa Lizulu, pa Chimbiya, pa Bembeke kapena pa Kampepuza, simulephera kupeza kabenchi kokhala ndi kompyuta ndi sipika yaikulu, anthu atafola ndi mafulashi ndi mamemore khadi m'manja. Ena safika n'komwe pabenchipo. Nyimbo imawapeza pa gulu la WhatsApp, filimu amalandira pa Xender, buku la sukulu limabwera lili PDF. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amafunsa kawirikawiri. Tayankha mbali ziwiri, zomwe lamulo likunena ndi zomwe zili zoyenera pakati pa anthu, chifukwa ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse.

Nyimbo ndinagula ndi ndalama zanga. Bwanji ndisagawire amene ndamufuna?

Chomwe munagula ndi kope limodzi loti muzimvera inuyo. Umwini wa nyimboyo unatsala kwa amene anaipeka ndi amene anaijambula. Ndiye kumvera nokha, kumvera ndi a pabanja panu, kapena kuisamutsa kuchoka mu foni yakale kupita mu yatsopano, palibe wokuimbani mlandu. Vuto limayamba mukayamba kuichulukitsa kuti ifike kwa anthu ena: kuiponya pa gulu la anthu 200, kuiika pa tsamba la intaneti kuti aliyense atsitse, kapena kuigulitsa. Mphamvu yochulukitsa, yogawa kwa anthu ndi yogulitsa ndi ya mwini ntchito yekha, kapena munthu amene mwiniyo wamulola.

Lamulo lake ndi liti, ndipo amaliyang'anira ndani?

Ndi Copyright Act ya mu 2016, yomwe inalowa m'malo mwa lamulo la mu 1989. Limateteza nyimbo, ndakatulo, mabuku, masewero, mafilimu, zithunzi, zosemasema, zojambulajambula komanso mapulogalamu a kompyuta. Bungwe loyendetsa zimenezi ndi Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amangolidziwa kuti COSOMA. Linayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Ntchito yake yaikulu ndi kupereka malaisensi kwa ogwiritsa ntchito zaluso, kutolera ndalama ndi kuzigawa kwa eni ake, komanso kulimbana ndi piracy, komwe ndi kuchulukitsa ndi kugulitsa ntchito za ena popanda chilolezo, mogwirizana ndi apolisi.

Chitetezo chimayamba pomwe ntchitoyo yapangidwa. Mtsikana wa ku Mayani akalemba ndakatulo m'kope lake lero, ndakatuloyo ndi yake mwalamulo lero lomwe, ngakhale sanapite nayo ku ofesi iliyonse. Chitetezocho chimakhalapo moyo wake wonse, n'kupitirira zaka 50 atamwalira. Choncho nyimbo za woimba amene anatisiya si "zaulere" ayi. Zili ndi eni ake, omwe nthawi zambiri ndi mkazi wamasiye ndi ana.

Koma kukopa si kuba. Mwiniwake nyimbo yake akadali nayo. Ndalakwa chiyani?

Funso ili ndi lomveka ndipo siloyenera kulinyoza. N'zoona kuti mukakopa fayilo, mwini wake satsala chimanjamanja monga zimakhalira wina akaba njinga. Chimene chimatayika ndi msika. Taganizirani mlimi wa kachewere wa ku Tsangano amene wagula mbewu, feteleza ndi mankhwala, walipira aganyu, wafika pamsika ndi matumba ake, n'kupeza kuti aliyense wanyamula kale mbatata yochokera m'munda mwake momwemo, ndipo ndalama analandira ndi munthu wina. Matumba ake ali pomwepo, koma agulitsa kwa yani?

Woimba amalipira situdiyo, wokonza zing'wenyeng'wenye, oimba zida, wojambula vidiyo, thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wolemba buku amakhala miyezi akulemba, kenako pali mkonzi, wojambula zithunzi ndi osindikiza. Ndalama zonsezo zimayenera kubwerera kudzera mu malonda. Zikapanda kubwerera, chimbale chachiwiri sichituluka, ndipo buku lachiwiri limathera m'kabati.

Pali chinthu china chomwe sitingabise. Kampani yaikulu ya mafilimu ya kunja simva kuwawa kofanana ndi kwaya ya ku Linthipe yomwe inasonkha ndalama chaka chathunthu kuti ijambule nyimbo khumi. Pamaso pa lamulo onse ndi otetezedwa mofanana, koma amene piracy imamugwetsa pansi kwenikweni ndi waluso wa kwathu kuno, amene msika wake ndi ife tomwe. Ndiye mawu akuti "anthu ake ndi olemera kale" sagwira ntchito pa nyimbo zambiri zomwe zili m'mafoni athu.

Oimba ena amatumiza okha nyimbo zawo pa WhatsApp kuti tigawane. Pamenepa pali mlandu?

Palibe. Mwini akatsegula yekha chitseko, lowani. Oimba ambiri achinyamata amatero dala kuti adziwike, ndalama azidzapeza pa zoimbaimba. Kugawana mafayilo pakokha si mlandu, ndipo WhatsApp, Bluetooth, Xender kapena Telegram si zida zoletsedwa. Nkhani ndi yakuti mwini walola kapena ayi.

Koma chilolezo chili ndi malire ake. Wakulolani kugawana nyimbo imodzi sanakuloleni chimbale chonse. Wakulolani kumvera sanakuloleni kugulitsa, kuiika pa tchanelo chanu cha YouTube kuti muzipezerapo ndalama, kapena kuigwiritsa ntchito potsatsa malonda a shopu yanu. Ndipo kuchotsa dzina lake n'kuikapo lanu ndi kuphwanya ufulu wina womwe lamulo limauteteza padera: ufulu wodziwika kuti ntchitoyo ndi yake.

Ndili ndi benchi yobena nyimbo pa msika. Ndi mmene ndimapezera chakudya. Kodi ndine wakuba?

Tikudziwa kuti mabenchi amenewa akudyetsa mabanja, ndipo kumidzi komwe netiweki ndi yovuta komanso bandulo ndi yodula, ndi njira yokhayo yomwe nyimbo zimafikira anthu. Koma kugulitsa makope a ntchito za ena popanda chilolezo ndiye mtima weniweni wa zomwe lamulo limaletsa.

Tawerengani nokha. Nyimbo ya MP3 ya mphindi 4, pa 128 kbps, imatenga pafupifupi 4 MB. Memore khadi ya 4 GB imanyamula nyimbo pafupifupi 1,000. Kasitomala mmodzi akadzaza khadi yake, wanyamula zimbale pafupifupi 100 pa mtengo wosakwana wa chimbale chimodzi, ndipo pa ndalamayo eni nyimbo salandirapo ngakhale tambala. Lero makasitomala khumi, mawa ena khumi, mabenchi ali m'misika yonse kuyambira pa Chimbiya mpaka pa Manjawira.

Chochita chilipo. Choyamba, pitani kapena imbani ku COSOMA, fotokozani bizinesi yanu mmene ilili, mufunse laisensi yoyenera ndi zomwe laisensiyo ikuloleza. Musangomva za m'maluwa kwa anzanu a pamsika. Chachiwiri, gwirizanani mwachindunji ndi oimba ndi makwaya a m'dera lanu. Lembani papepala kuti pa kope lililonse logulitsidwa, woimba alandira zakuti, ndipo sungani kaundula wa zomwe mwagulitsa. Ambiri amavomera, chifukwa inu muli ndi makasitomala omwe iwo sangawafikire. Chachitatu, wonjezerani ntchito zina zopanda mlandu pa kompyuta yomweyo: kutaipa makalata, kupulinta, kujambula zithunzi za ziphaso, kutchaja mafoni, kuchotsa mavairasi.

Ndinamva kuti pogula foni kapena fulashi timalipira kale ndalama ya oimba. Ndiye si zatha?

Ndalamayo ilipodi. Lamulo la 2016 linabweretsa levy, yomwe ndi kamsonkho, pa zipangizo zosungira ndi kukopera zinthu, monga mafoni, makompyuta, mafulashi ndi mamemore khadi. Imatoleredwa katundu akamalowa m'dziko kudzera ku Malawi Revenue Authority, ndipo gawo lake COSOMA imagawira aluso. Cholinga chake ndi kupepesa eni ntchito pa kukopa kwa munthu payekha, kwa panyumba, komwe palibe angakulondoloze. Si laisensi yogulitsira, yoonetsera pagulu, kapena yoikira zinthu pa intaneti. Amene akuti "ndinalipira kale pogula kompyuta" uku akubena nyimbo pamsika akudzinamiza.

Nanga vidiyo shoo, bala, resitihausi, minibasi, kapena DJ wa paukwati?

Zonsezi ndi kugwiritsa ntchito zaluso pagulu, ndipo zimafuna laisensi ya COSOMA, ngakhale CD kapena fayiloyo munaigula mwachilungamo. Nyimbo zikukoka makasitomala, ndiye mwini nyimbo ayenera kudyako. Ndalama ya laisensi imasiyana malinga ndi mtundu ndi kukula kwa bizinesi, ndipo imalipiridwa pa nyengo yoikika, osati kamodzi basi.

Wa vidiyo shoo ali ndi zina ziwiri zoti aziganizire. Kuonetsa mafilimu kwa anthu kumagweranso pansi pa Censorship Board, yomwe imaona zoyenera kuonetsedwa ndi misinkhu ya oonera. Kulowetsa ana a sukulu ku filimu ya akuluakulu ndi mlandu wina pawokha. Kachiwiri, dikoda yolipiridwa ngati ya panyumba siloledwa kuonetsera mpira anthu olipira pakhomo. Makampani a kanema amakhala ndi mgwirizano wina wa amalonda.

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, omwe anthu amawakonda kwambiri, nawonso ali ndi vuto. Kumasulira kapena kuikamo mawu atsopano ndi kusintha ntchito ya mwini, ndipo kumafuna chilolezo chake. Luso la omasulirawo ndi lenileni, palibe angakane, koma silifafaniza umwini wa amene anapanga filimuyo.

Zinthu zakunja zikutikhudza bwanji? Nanga ndikagula tsidya la msewu, ku Mozambique?

Malawi inalowa mu pangano la Berne mu 1991. Panganoli linayamba mu 1886, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti dziko lililonse liteteze ntchito za anthu a maiko ena monga limatetezera za nzika zake. Choncho filimu ya ku Nigeria, India kapena South Africa ndi yotetezedwa pa Ntcheu boma monga momwe nyimbo ya Mmalawi ilili yotetezedwa ku Johannesburg.

Pa Lizulu ndi madera ena a mumsewu wa M1, kuoloka msewu n'kulowa dziko lina, ndipo ena amaganiza kuti zogula ku Angonia kapena ku Vila Ulongwe lamulo silizikhudza. Mozambique nayonso ili mu pangano la Berne kuyambira 2013. Komanso kulowetsa m'Malawi makope achinyengo kuti mudzagulitse ndi mlandu wa kuno, posatengera komwe munawatenga.

Torrent ndi chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi kungotsitsa filimu?

BitTorrent ndi njira yomwe Bram Cohen anatulutsa mu 2001. Fayilo yaikulu imaduladulidwa tizidutswa tambirimbiri, ndipo m'malo motenga kwa kompyuta imodzi, mumatenga kachidutswa aka kwa uyu, ako kwa uyo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pamene mukutsitsa, pulogalamuyo ikutumizanso tizidutswa tomwe mwalandira kale kwa anthu ena. Ndiye simuli wolandira chabe, mulinso wogawa, ndipo kugawa ndi kumene lamulo limakuona molemera. Bandulo yanunso imatha mbali ziwiri, ndipo adiresi ya IP yanu, nambala yokuzindikiritsani pa intaneti, imaoneka kwa onse amene ali pa fayiloyo.

Njirayo payokha ndi yololedwa. Mwachitsanzo, Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, imagawidwa pa torrent mwachilungamo. Milandu yotchuka inali ya zomwe anthu ankagawana. Napster, pulogalamu yogawana nyimbo yomwe inayamba mu 1999, inatsekedwa mu 2001 itagonja m'khoti ku America, ndipo anthu anayi okhudzidwa ndi The Pirate Bay, tsamba lopezerapo ma torrent, anapezeka olakwa ku Sweden mu 2009.

Mabuku a sukulu ndi odula ndipo sapezeka. Kodi fotokope kapena PDF ndi mlandu?

Apa ndi pomwe mtima umagawanika kwambiri. Mwana wa Fomu 4 pa sukulu yoyendera ya kumudzi, kalasi yonse ili ndi mabuku atatu, mayeso a MSCE ali pafupi. Palibe munthu wanzeru angamutche mbava chifukwa wajambula masamba asanu kuti akawerenge usiku. Lamulonso limazindikira zimenezi. Limalola kutenga gawo lochepa pophunzira payekha, pophunzitsa, pochita kafukufuku kapena pogwira mawu, bola mwatchula mlembi ndi buku lake. Lilinso ndi mwayi wapadera wosinthira mabuku kuti anthu osaona athe kuwawerenga, monga m'zilembo za Braille.

Chimene sichiloledwa ndi kujambula buku lonse kuchokera pachikuto mpaka kumapeto, makamaka n'cholinga chogulitsa. Shopu ya fotokope yomwe imasunga buku limodzi n'kumatulutsa makope makumi asanu, kuwamanga ndi sipairo n'kumagulitsa kwa ophunzira, ikuchita piracy yeniyeni. Chimodzimodzi wojambula buku ndi foni, tsamba ndi tsamba, n'kuliponya pa magulu a WhatsApp a aphunzitsi. Msika wa mabuku m'Malawi ndi waung'ono kale. Buku limodzi likangozungulira lili PDF, wosindikiza satulutsanso lina, ndipo mlembi, yemwe kawirikawiri ndi mphunzitsi mnzathu, salandira kanthu.

Sukulu ndi makoleji omwe amajambula kwambiri angathe kutenga laisensi ya fotokope ku COSOMA, yomwe imaloleza kujambula mpaka mlingo woikika. Makomiti a makolo angathenso kugula mabuku ochepa enieni oti ana azibwerekana, poti kubwereketsa mnzanu buku lomwe munagula si mlandu.

Chenjezo lapadera: mapepala a mayeso akale ndi nkhani ina, "likasa" la mayeso omwe sanalembedwe ndi nkhani inanso. Kulandira kapena kutumiza zomwe akuti ndi mayeso a MANEB asanalembedwe ndi mlandu waukulu, wotha kulepheretsa mwana ndi kumangitsa wamkulu. Ambiri ogulitsa zimenezi pa WhatsApp amangodya ndalama za anthu ndi mapepala abodza.

Windows ndi Office zokirakidwa zimagwira bwinobwino. Choopsa n'chiyani?

Kupatula kuti ndi kuphwanya lamulo, pulogalamu yokirakidwa ndi pulogalamu yomwe munthu wosadziwika waitsegula n'kusinthamo zinthu. Nthawi zambiri malangizo ake amati muyambe mwazimitsa antivairasi. Pamenepo mwatsegulira nokha khomo. Zomwe zimalowa ndi mapulogalamu olemba zonse zomwe mukutaipa, oba mapasiwedi osungidwa mu browser, kapena otseka mafayilo anu onse n'kumafuna dipo.

Pa foni zilinso chimodzimodzi. Ma APK (mafayilo oikira mapulogalamu mu foni) osinthidwa, monga WhatsApp yosakhala yeniyeni kapena masewera "otsegulidwa", amapempha chilolezo chowerenga ma SMS ndi kuona manambala a anthu anu. Mu SMS ndi momwe mumafikira manambala achinsinsi otsimikizira akaunti, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Pulogalamu ya tochi kapena yoonera mpira ikamapempha kuwerenga mauthenga anu, ichotseni pomwepo. WhatsApp imathanso kutseka nambala yomwe ikugwiritsa ntchito pulogalamu yosavomerezeka.

Zolowa m'malo zaulere ndi zololedwa zilipo: LibreOffice polemba makalata ndi kuwerengera, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, VLC poonera mavidiyo, GIMP pokonza zithunzi, Audacity pojambula mawu, Ubuntu kapena Linux Mint m'malo mwa Windows, zomwe zimayenda bwino ngakhale pa kompyuta yakale.

Ndachokera kobenetsa nyimbo, fulashi yanga ikungoonetsa ma shortcut. Mafayilo anga apita?

Kawirikawiri sanapite, angobisidwa. Kompyuta imodzi ikamalandira mafulashi makumi angapo patsiku, vairasi imayenda mosavuta. Imabisa mafoda anu enieni n'kuika ma shortcut a maina omwewo, kuti mukadina, iyo ilowe mu kompyuta yanu.

Musadine shortcut iliyonse, ndipo musafulumire kufomata. Lowetsani fulashiyo mu kompyuta yomwe ili ndi antivairasi yatsopano, muisikane kaye. Onani chilembo chomwe fulashi yapatsidwa, tinene kuti E. Tsegulani Command Prompt, mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* n'kudina Enter. Mafoda obisika aonekeranso, nthawi zina ali mkati mwa foda yopanda dzina. Koperani mafayilo anu okhaokha kupita pamalo ena, kusiya ma shortcut ndi mafayilo achilendo othera ndi .vbs, .lnk kapena .exe omwe simukuwadziwa. Mukatero ndiye fomatani fulashiyo. Ikabwereranso, ndiye kuti vairasi ili mu kompyuta momwemo, ndipo yofunika kutsukidwa ndi kompyutayo.

Vuto lina lofanana nalo ndi makhadi achinyengo, olembedwa 32 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Amaoneka ngati alandira zonse, koma mafayilo opitirira malo enieniwo amakana kutseguka. Amenewo sabwezeka. Zikalata zofunika, monga satifiketi ndi zithunzi za banja, musazisunge pa fulashi yomwe mumapita nayo kumsika.

Gule wamkulu, ngoma ndi nyimbo za makolo zilibe mwini. Ndingazijambule n'kuika pa YouTube?

Zili ndi mwini. Lamulo limaika umwini wa zaluso zachikhalidwe m'manja mwa Boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo kuzigwiritsa ntchito pofuna phindu kunja kwa mwambo wake kumafuna chilolezo. Kuvina pa maliro, pa chinamwali, pa ukwati kapena pa Umhlangano ku Ntcheu sikufuna pepala lililonse. Koma kujambula kuti mugulitse, kapena kutenga nyimbo ya ngoma n'kuisandutsa malonda, ndi nkhani ina.

Pamwamba pa lamulo pali mwambo. Gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi zoonekera pabwalo ndi zosayenera kuchoka kudambwe. Foni yalowa paliponse, ndipo zinthu zomwe akuluakulu ankazisunga mosamala zikupezeka pa Facebook, zikusekedwa ndi anthu osadziwa tanthauzo lake. Musanajambule, pemphani kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a gule. Akakana, bwezani foni m'thumba. Akalola ndipo vidiyoyo yabweretsa ndalama, ovina ndi oimba ng'oma alandireko.

Kwaya yathu ikufuna kujambula nyimbo ya kwaya ina. Poti ndi za Mulungu, pali vuto?

Kuimba pa mapemphero m'tchalitchi sikuvutitsa. Kujambula mu situdiyo, kuika pa chimbale chogulitsa kapena kutumiza ku wailesi kumafuna chilolezo cha wopeka. Nyimbo zakale kwambiri za m'mabuku a nyimbo, zomwe opeka ake anamwalira zaka zoposa 50 zapitazo, mungazijambule popanda kupempha chilolezo cha wopeka, koma samalani: kakonzedwe katsopano ka nyimbo yakale kamakhala ndi mwini wake. Mufunseni, mulembe dzina lake pa chimbale. Makwaya ambiri amakangana chifukwa cha chinthu chomwe kalata ya tsamba limodzi ikanatha kuchikonza.

Nanga zithunzi ndi mavidiyo achinsinsi a anthu zomwe zimazungulira m'magulu?

Izi n'zoipa kuposa piracy, ndipo sitizengereza kunena. Kutumiza zithunzi zamaliseche za munthu, mauthenga ake achinsinsi, kapena vidiyo yomuchititsa manyazi kungakugwetseni m'milandu ya pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Penal Code. Ngati wojambulidwayo ndi mwana, ngakhale kungosunga mu foni ndi mlandu waukulu. Mawu akuti "ine ndangotumiza zomwe ndalandira" sapulumutsa munthu. Zikakufikani, musatumize kwa wina aliyense. Uzani woyang'anira gulu azichotse, ndipo ngati zikukhudza mwana, kaneneni kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Ndine woimba kapena mlembi. Ndidziteteze bwanji?

Yambani ndi umboni. Sungani kope lomwe munalembamo mawu, mawu oyamba omwe munajambula pa foni, ndi mafayilo a ku situdiyo okhala ndi madeti ake. Musanatuluke mu situdiyo, lembani mgwirizano ndi wokonza nyimbo: biti ndi ya yani, mwagula yonse kapena mwangobwereka, aliyense adzalandira gawo lanji pa 100. Onse asaine, pakhale mboni. Mikangano yambiri imabuka nyimbo ikatchuka, pomwe aliyense akukumbukira mosiyana.

Kenako lembetsani ku COSOMA, inuyo komanso ntchito iliyonse payokha, kutchula onse amene anatengapo mbali. Umwini muli nawo kale ngakhale osalembetsa, koma ndalama za royalty zochokera ku mawailesi, ku malaisensi ndi ku levy sizingapeze munthu amene sali m'kaundula. Lembani dzina lanu, mutu wa nyimbo ndi chaka mkati mwa fayilo ya MP3, osati pa dzina la fayilo pokha, chifukwa dzinalo anthu amasintha. Tsegulani tchanelo chanuchanu pa YouTube ndi tsamba pa Facebook, muike ntchito yanu inuyo ena asanakuikireni. Ndipo apatseni anthu njira yapafupi yolipirira: nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pa chikuto ndi pa vidiyo. Anthu ambiri amakopa chifukwa sadziwa kokagula.

Wina akaika ntchito yanu pa YouTube kapena Facebook popanda chilolezo, jambulani sikirini yoonetsa dzina la akaunti, deti ndi linki. Mulembereni kaye mwaulemu kuti achotse kapena mugwirizane. Akakana, masamba onsewa ali ndi fomu yodandaulira za umwini. Ku YouTube, tchanelo chikalandira machenjezo atatu otere m'masiku 90 chimatha kutsekedwa. Koma musadandaule pa chinthu chomwe si chanu, chifukwa dandaulo labodza lingatseketse akaunti yanu yomwe.

Zaulere zololedwa ndingazipeze kuti?

Matchanelo enieni a oimba pa YouTube, komanso Audiomack, Boomplay ndi Spotify, ali ndi njira zomvera osalipira, ndipo mwini nyimbo amapezako kangachepe. Wikipedia ndi zinthu zina zokhala ndi laisensi ya Creative Commons mungazikope ndi kugawa, bola mutsate zomwe laisensiyo yanena, monga kutchula mwini. African Storybook ili ndi nthano za ana, zina m'Chichewa, zoti mungatsitse ndi kupulinta. Project Gutenberg ili ndi mabuku akale masauzande ambiri omwe nthawi ya umwini wake inatha. Musaiwalenso malaibulale a National Library Service, ndi wailesi, yomwe imayenera kulipira eni nyimbo m'malo mwanu.

Apolisi ndi a COSOMA akafika pa bizinesi yanga, chimachitika n'chiyani?

Angathe kulanda zipangizo zomwe zikugwiritsidwa ntchito pochulukitsa, monga kompyuta, ma hard drive, ma CD ndi makina a fotokope, kuti zikakhale umboni. Khoti likakupezani olakwa lingagamule chindapusa, ndende, kapena zonse ziwiri, komanso kuti makope achinyengo aonongedwe. Mwini ntchito angathenso kukusumirani payekha kuti mumulipire zomwe wataya.

Inunso muli ndi ufulu. Pemphani kuona ziphaso zawo za ntchito. Chilichonse chomwe atenga chilembedwe papepala, ndi mtundu wake ndi nambala yake, inu mutsale ndi kope losainidwa. Musalimbane nawo, ndipo musapereke ndalama ya m'manja yopanda lisiti, chifukwa pali anthu ena oyenda m'misika monamizira kuti ndi a boma. Ndalama ya laisensi imakhala ndi lisiti la bungwe, ndipo chindapusa cha mlandu chimagamulidwa ndi khoti. Laisensi yanu ndi malisiti ake zizikhala pamalo a bizinesi pomwepo, pamodzi ndi mapepala a mgwirizano wanu ndi oimba. Nkhani ikafika kukhoti ndipo mulibe ndalama ya loya, funsani thandizo ku Legal Aid Bureau.